Sitima ikaima, utsi umachuluka mu Joni

Abale anga a kuno ku Joni, ikabwera nkhani yoti makampani a sitima zapamtunda azisamalira chilengedwe, ambiri amathamangira za kudzala mitengo pa siteshoni ndi kuika mabini obiriwira. Zimenezo n'zabwino ndithu. Koma maganizo anga ndi akuti amene akuyendetsa sitima mumzinda uno, ngati akufunadi kuti tizipuma mpweya wabwino, ayambe ndi kulondera mawaya awo kuti sitimayo isaime.

Amene tinali kuno mu 2020 tikukumbukira. Sitima za Metrorail, zotchipa zonyamula anthu m'mizinda, zitaima nthawi ya lockdown ya Covid-19, akuba anagwetsa mawaya a magetsi a pamwamba pa njanji, anafukula a pansi, anazula zitseko, mawindo ndi malata a masiteshoni. Ya ku Kliptown inangotsala chigoba. Zinthu zitatsegulidwa, njira zambiri zinalibe magetsi. Kwina PRASA, kampani ya boma yoyendetsa Metrorail, inkakoka mabogi ndi injini za dizilo, kwina sitima kunalibiretu. Koma anthu a ku Soweto ndi ku Tembisa sanaleke kupita ku ntchito, anakadzazana m'matakisi. Sitima imodzi imanyamula anthu oposa 1,000, pomwe takisi ya Quantum imatenga 15. Muwerengere nokha injini zimene zimalira pamsewu m'mawa uliwonse pofuna kulowa m'malo mwa sitima imodzi yokha.

Ndipo waya wobedwa uja nkhani yake sithera pa kubedwako. Amene munadutsapo m'mbali mwa njanji kusanache munaona: anyamata aunjika mawaya pa tayala, ayatsa moto kuti pulasitiki yakunja ipse, patsale kopa wokagulitsa kwa a sikirapu. Utsi wake wakuda bii, wokanda pakhosi, umakwawa n'kulowa m'mikhukhu yoyandikana, mwana ali kumsana kwa mayi ake n'kumangotsokomola. Phulusa limatsala pompo. Mvula ya Novembala ikagwa limakokolokera m'ngalande, ulendo wa ku mitsinje ya Jukskei ndi Klip. Kumapeto kwa 2022 boma linaletsa kwa miyezi 6 kutumiza kunja sikirapu ya kopa, kusonyeza kuti vutoli linafika posauzana. Ine zimandipweteka kuti utsi umenewu amaupuma ndi omwewo amene analandidwa sitima yawo.

Wina anena kuti sitima yamagetsi nayo si yoyera. Akunena zoona. Pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a magetsi a dziko lino amachokera ku malasha. Utsi sutuluka pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mu Joni, koma umatuluka ku malo opangira magetsi a Kendal ndi Duvha, kufupi ndi eMalahleni ku Mpumalanga, ndipo kumenekonso kuli ana amene akupuma. Komabe utsi umenewo mukaugawa kwa anthu onse odzaza m'mabogi, wa munthu mmodzi ndi wochepa poyerekeza ndi wa galimoto. N'chifukwa chake sitima zatsopano zabuluu za Metrorail, zopangidwa ndi kampani ya Gibela ku Dunnottar kufupi ndi Nigel, zimandisangalatsa: zikamagwira mabuleki zimabweza magetsi ena m'mawaya. Madenga a masiteshoni nawo akanadzazidwa ndi masola, poti dzuwa la kuno limawala ngakhale mu Juni.

Sitima yothamanga ya Gautrain, imene inayamba mu 2010 ndipo ili ndi masiteshoni 10 pa mtunda wa makilomita 80, imachotsa magalimoto ena pa msewu waukulu wa N1, ndipo ndikuiyamikira. Kungoti mtengo wake ambirife sitingaukwanitse tsiku ndi tsiku. Amayi ogwira ntchito zam'nyumba, achimwene a m'magadeni, alonda ochokera ku usiku, sitima yawo ndi yotchipa ija ya Metrorail. Imeneyo ndiyo imanyamula khamu, choncho ndiyo yofunika kutetezedwa koposa.

Pali china chotikhudza ife tomwe. M'mbali mwa njanji tasandutsamo dzala: matewera, mabotolo, zigumukire za nyumba, matiresi ong'ambika. Zimatseka ngalande, madzi n'kumadikha pa njanji, ndipo udzu ukauma m'nyengo yozizira moto umayambira pomwepo. Tikuchita lendi moyandikana ndi njanjife, tileke kuponya mapepala kuseri kwa mpanda usiku. PRASA nayo itchinge pomwe mpanda unagwa, itchetche udzu, ilembe achinyamata a m'deralo ntchito yosesa ndi kulondera, chifukwa iwowo ndi amene amadziwa njira zonse zodutsa akuba.

Ndipo a PRASA akamalemba lipoti la zachilengedwe pakutha pa chaka, asangowerenga mitengo imene adzala. Alembemo makilomita a waya amene abedwa, ndi masiku amene sitima sinayende pa njira iliyonse, kuyambira ya ku Naledi ku Soweto mpaka ya ku Leralla ku Tembisa.