Kapinga wanditopetsa

Kapinga wanditopetsa ine. Mvula ikangoyamba mu Disembala, Loweruka lililonse ndimakhalira chikwakwa m'manja, matuza kutuluka, msana kuwawa. Ukatchetcha lero, sabata isanathe wameranso, udzudzu nawo wapeza pobisala. Ikafika Okutobala ndiye zina: wauma gwa, akufuna kuthirira m'mawa ndi madzulo, bilu ya madzi n'kumangokwera.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ana sasewerapo n'komwe, mpira amakamenyera kumsewu. Nanga ndikuvutikira ndani?

Chaka chino ndizula theka lonse. Panjira yopita kugeti ndiyala njerwa zootcha, m'mbali ndithira miyala ya kwale, kumpanda ndibzala khonje poti safuna kuthirira. Kuseli kwa nyumba ndisiya kadimba ka mpiru ndi tomato basi.