Amp ya mabatire yoimbira bezi mumsewu, maganizo anga

Mnyamata wina wa kwathu ku Nkhata Bay amene wangofika kumene kuno ku Cape Town anandiimbira Lamulungu kufunsa kuti agule amp (chokuzira mawu) yanji ya gitala yake ya bezi ya acoustic, akufuna ayambe kuimba mumsewu ngati mmene ndimachitira ine. Ndinamuyankha pa foni koma nditadula ndinaona kuti sindinamuuze zokwana, ndiye ndati ndilembe pano kuti enanso amve, chifukwa ndalama za amp anthufe timazipeza movutikira ndipo zimandipweteka kuona munthu akuzitaya pa chinthu choti sichimuthandiza.

Zimene ndinamuuza ndi izi, asiye kusakasaka mkokomo uja wogwedeza pachifuwa umene timaumva mu holo kapena ku tchalitchi, mumsewu saupeza, ndipo palibe amp ya mabatire yoti munthu nkunyamula ndi dzanja limodzi imene ingamupatse zimenezo. Nsambo yaikulu ya bezi, ya E ija, imanjenjemera ka 41 pa sekondi, pamene ya gitala wamba ndi ka 82, ndipo funde la mawu otsika choncho limatalika mamita opitirira 8. Kuti limveke sipika iyenera kukankha mpweya wambiri zedi, ndipo kukankhako ndi kumene kumadya batire. Mu shopu makoma ndi denga zimakubwezera mawu nkumaona ngati kabokosi kakang'ono kali ndi mphamvu, ukangotuluka panja mawu onse otsika aja amangomwazika, watsala ndi phokoso la matakisi basi.

Ine ndinaphunzira izi mowawa. Amp yanga yoyamba inali chisipika chija cha matayala ndi chogwirira chokoka, ndinagula kwa munthu, pa bokosi analemba mawatsi ambirimbiri ndiye mtima unakhala pansi. Tsiku loyamba ndinachikoka mpaka ku Sea Point, mphepo ya south-easter ikuomba mmene imachitira kuno chilimwe chikafika, ndinakweza bass, mawu otsika aja, mpaka kumapeto kuti ndimveke, chimene chinatuluka ndi kubuula kokhakokha kopanda noti, thupi la gitala likunjenjemera pamimba panga palokha ine ndisanakhudze nsambo, ndipo pasanathe maola awiri kanyale kofiira kanayaka mawu nkuyamba kusasa. Mayi wina anaima pataliko ndi kamwana kake, anayang'ana zala zanga zikuyenda kwa kanthawi kenako anasendera pafupi kuti amve chimene ndikuimba. Mamita asanu okha sankandimva. Ndinabwerera kunyumba phewa likuwawa, mu chipewa muli ndalama zosakwana ya takisi.

Chimene chinanditsegula mutu ndi kukumbukira babatoni wa kwathu. Anyamata a Madalitso Band anaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe, Yobu Maligwa ali pa babatoni wa nsambo imodzi, popanda magetsi, anthu nkumavina. Gasper Nali naye amaimba babatoni wake ndi ndodo ndi botolo basi. Babatoni amamveka patali chifukwa noti iliyonse imayamba ndi kugunda, chikopa chija chimati du! khutu nkugwira pomwepo. Ndipo khutu la munthu ndi lochenjera, nsambo ikalira ka 41 imatulutsanso mawu ena pamwamba pake, a 82, a 123, a 165, khutu likamva amenewa limadzazira lokha otsika aja ngakhale sipika sinawatulutse, nchifukwa chake pa kafoni kako umatha kutsatira bezi ya nyimbo chikhalirecho kasipika kake nkochepa ngati njere ya nyemba. Ndiye masiku ano bass ndimaitsitsa pang'ono kuchoka pakati, mid (mawu apakati) ndimakweza, ndimaliza nsambo chakufupi ndi bridge (pamene nsambo zimatsamira pa thupi la gitala), ndipo anthu amandimva kutsidya kwa msewu, batirenso limakhalitsa.

Za mawatsi musapusitsidwe nazo abale anga. Kuchoka pa mawatsi 25 kufika pa 50 kumangowonjezera ma decibel (muyeso wa kukwera kwa mawu) atatu, khutu limangoti kwakwerako pang'ono, kuti zimveke ngati kawiri pamafunika mawatsi pafupifupi kuchulukitsa ka 10. Ine ndimayang'ana kukula kwa sipika kaye kenako kulemera kwake.

Imene ndikugwiritsa ntchito pano ndi Roland Cube Street EX, ili ndi ma sipika awiri a mainchi 8, imayendera mabatire a AA okwana 8, imalemera makilo 7 ndi pang'ono. Sinapangidwire bezi yokha ayi, koma bezi ya acoustic imaitenga bwinobwino ndipo pali polowetsa maikolofoni, zimene kwa ine woimbanso ndi pakamwa ndi nkhani yaikulu. Ili ndi poti usankhe mphamvu, mawatsi 50, 25 kapena 10, eni ake amati pa 50 mabatire amatha maola asanu, pa 10 amafika maola 20, ine ndimakhala pakatipo tsiku lonse ndipo ndikakweza ndiye kuti pabwera gulu. Mnzanga wina wa ku Congo amene timagawana naye malo nthawi zina ali ndi Bose S1 Pro, ija ya batire la lithium la mkati, mawu ake ndi oyera mochititsa kaso, sindinganame, koma mtengo wake si wa munthu amene wangoyamba kumene. Iliponso Micro Cube Bass RX ya mawatsi 5 ndi timasipika tinayi ta mainchi 4, ya mabatire 6, imeneyo ndi yabwino pamalo a zii ngati pakhonde la lesitilanti kapena pansi pa mlatho, koma pa St George's Mall, msewu wa anthu oyenda pansi pakati pa tauni, nthawi ya nkhomaliro ine sindingaidalire.

Pa nkhani ya batire ndiye ndili ndi mbali yanga ndipo sindisintha, ndimakonda AA. Mu 2023 load shedding itafika povuta kuno, magetsi akuzima maola ambirimbiri pa tsiku, anzanga a batire la mkati ankadzuka m'mawa amp ili theka chifukwa usiku sinatchajike, tsiku la ntchito lapita. Ine ndili ndi ma seti awiri otchaja, imodzi mu amp ina mu thumba, ndipo zikavutitsitsa spaza (kagolosale) iliyonse imagulitsa AA. Batire la mkati likakalamba pakapita zaka umayamba kusaka lina la mtundu womwewo, pamene AA ngakhale utabwerera kumudzi ukawapeza pa golosale. Ena amamanga zawo, batire la njinga yamoto kapena la galimoto ndi inverter (yosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) nkulumikiza amp ya m'nyumba, zimatheka ndipo mawu amakhala akulu, koma inverter yotchipa imalowetsa kulira kwa zzzz mu sipika, komanso ganizirani kukwera takisi ya ku Wynberg muli ndi bezi kumsana, amp dzanja lino, chibatire dzanja linalo, kondakitala akulipiritsani mipando iwiri ndipo msana wanu sufika Disembala.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa nkumada amp yosalakwa. Bezi za acoustic zambiri zili ndi pickup (kotola mawu a nsambo kupita nawo ku amp) ya mtundu wa piezo pansi pa bridge. Ngati yanu ili ndi preamp (kolimbitsa mawu asanafike ku amp) pambali, ija ya batire la 9V, palibe vuto, ingoyendani ndi batire lina lapadera chifukwa limafa mosachenjeza ndipo mawu amayamba kung'ambika inu nkumaganiza kuti sipika yaphulika. Koma ngati piezo ili yokha yopanda preamp, imafuna polowera pa amp pa impedance (muyeso wa kukaniza magetsi) yokwera, megaohm imodzi kapena kuposa, mukailowetsa pena paliponse imalira mopyapyala ngati chitini. Kapreamp kakang'ono pakati pa gitala ndi amp kamathetsa zonsezo, ndipo nkotsika mtengo kuposa kugula amp ina.

Kubuula kuja ndinakugonjetsa ndi zinthu ziwiri, chivindikiro cha labala chotseka bowo la gitala, ndi kuika amp chakumbali kwanga osati kumbuyo kwenikweni kumene imauzira mu thupi la gitala. Amp ikhale pansi osati pa mpando, ndipo ngati pali khoma kumbuyo kwake isendezeni pafupi nalo, khomalo limakupatsani mawu otsika aulere amene batire silikanakupatsani. Ine malo ndimasankha poyang'ana khoma ndi mphepo ndisanayang'ane kuchuluka kwa anthu. Funsaninso kaye musanayale zida, malo ena salola amp konse, ena amafuna chilolezo, ndipo amene amagulitsa zinthu pafupi nanu akatopa ndi phokoso lanu ndi omwewo amakuitanirani achitetezo, ndiye kuimba motsika koma momveka kumakusungirani malo.

Mnyamata uja ndamuuza kuti asagule chilichonse sabata ino. Loweruka tikumana pa siteshoni abwere ndi bezi yake, tikalumikiza pa yanga panja penipeni pamene pali mabasi, iye aziimba ine ndiziyenda chobwerera mpaka pamene ndisiye kumumva, kenako tisinthane kuti amve yekha ndi makutu ake. Akatero ainyamule yekha kukwera nayo masitepe a siteshoni bezi ili kumsana, ndiye tikakambirane za mtengo.