Pemphero Loyamika Namalenga Chifukwa cha Maselo Oyera Odziwa Poima

Tiyeni tipemphere.

Namalenga, Atate wathu wakumwamba, tabwera pamaso panu kudzakuyamikani chifukwa cha ntchito imene imachitika m'mitsempha yathu ya magazi usana ndi usiku, ife osaiona ndiponso osailamula. Tsiku lililonse mafuta a m'mafupa a munthu wamkulu amatulutsa maselo oyera a m'magazi olimbana ndi matenda, otchedwa neutrophil, pafupifupi 100 biliyoni, ndipo magazi amawakokolola ngati masamba pamtsinje wosefukira. Komatu munga ukatibaya, kapena tizilombo tikalowa pabala, maselowo amaima pamalo penipeni pamene pakufunika thandizo. Nzeru imeneyi ndi yanu, Ambuye, ndipo tikukutamandani.

Tikukuyamikani chifukwa munakonza kuti khoma la mtsempha ndilo liziyamba kuitana. Pamene pavulala, mankhwala a m'thupi otchedwa histamine amachititsa khomalo kutulutsa puloteni wokodola wotchedwa P-selectin m'mphindi zochepa, ndipo pakatha maola angapo, mauthenga a TNF ndi interleukin-1 amaonjezera E-selectin, komanso kuchulukitsa ICAM-1, puloteni amene selo loyera limagwirapo. Ma selectin amenewa sagwiritsitsa ayi. Amangokodola selo lodutsa, nkulitaya, nkulikodolanso, mpaka liwiro lake litachepa nkuyamba kugubuduzika pang'onopang'ono pakhomapo, likumvetsera.

Chimene chimatigwetsa nkhope pansi, Mulungu wathu, ndi ichi: selo loyera limayenda ndi manja ake ogwirira nthawi zonse, mapuloteni otchedwa integrin, koma munawapinda kuti asamate paliponse. Selo likakumana ndi puloteni woitana wotchedwa chemokine pakhoma la mtsempha, uthenga umalowa mkati mwake nkudzutsa puloteni wotchedwa Rap1; kenaka mapuloteni ena awiri, talin ndi kindlin-3, amagwira mchira wa integrin cha mkati, ndipo dzanja lomwe linali lopindika lija limatambasuka nkugwiritsitsa ICAM-1, zonsezi zikuchitika sekondi imodzi isanathe. Lamulo logwira limachokera mkati mwa selo kupita kunja, ndipo dzanjalo likagwira limabwezanso uthenga mkati, wouza selo kuti liphwatalale, likwawe, ndi kudzipanikiza pakati pa maselo a khoma kufikira litafika pabala. Ndani akanaganiza zotere, kupatula Inu nokha?

Tsono, Atate wachifundo, tikupereka m'manja mwanu ana amene amabadwa dongosolo limeneli litasokonekera, odwala matenda osowa otchedwa leukocyte adhesion deficiency. Mwa ena mwa iwo gawo la integrin lotchedwa CD18 limasowa, motero mchombo umachedwa kugwa, zilonda sizipola msanga ndipo sizichita mafinya, ngakhale kuti magazi awo adzaza ndi maselo oyera amene akungodutsa pabala osatha kuima. Mwa ena kindlin-3 ndiye wolumala, ndipo kuonjezera pa kudwaladwala, magazi awo sachedwa kutuluka koma amachedwa kuleka. Limbikitsani makolo awo amene amachezera usiku pambali pa bedi, ndipo tsegulani njira kwa amene akudikira munthu woti awapatse mafuta a m'mafupa ogwirizana ndi thupi lawo.

Kumbukiraninso, Ambuye, abale ndi alongo athu amene maselo awo amamata mopitirira muyeso kapena pamalo posayenera: amene maselo oyera amalowa mu ubongo wawo nkuononga chikuto cha minyewa pa matenda a multiple sclerosis, amene matumbo awo amatupa chaka ndi chaka chifukwa cha matenda a Crohn, ndi amene mitsempha yawo ikutsekeka chifukwa maselo oyera akuunjikana m'khoma lake pamodzi ndi mafuta. Tikukuthokozani chifukwa cha mankhwala monga natalizumab ndi vedolizumab amene amaphimba integrin kuti asagwire. Koma popeza kutsekera alonda panja kumapatsanso mpata mdani, ndipo natalizumab nthawi zina amatsegulira njira kachilombo koopsa ka mu ubongo, patsani madokotala nzeru yoyeza bwino phindu ndi ngozi kwa wodwala aliyense payekha.

Tikukumbukira moyamikira kuti m'chaka cha 1867 munalola wasayansi Julius Cohnheim kuona maselo oyera akuboola khoma la mtsempha wa chule, ndi kuti ntchito yoleza mtima ya Richard Hynes, Erkki Ruoslahti ndi Timothy Springer pa ma integrin inalemekezedwa ndi mphoto ya Lasker ya kafukufuku wa zachipatala mu 2022. Dalitsani onse amene lero akuwerama pa maikulosikopu kufufuza zimene munabisa m'maselo; apatseni maso akuthwa ndi mtima wonena zoona zokhazokha, ngakhale zotsatira zitatsutsana ndi zimene iwo amayembekezera.

Ndipo m'matupi mwathu, ife amene tikupemphera pamodzi tsopano lino, lolani kuti uthenga uliwonse ufike pa nthawi yake, kuti selo ligwire pamene pali bala ndi kudutsa pamene pali bwino.

Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu. Ameni.