Chenjezo kwa atsogoleri a matimu a mpira mu Mzuzu

Ndaonera mpira pa Mzuzu Stadium kwa zaka zambiri, ndipo imvi zangazi zikundilola kukudzudzulani poyera, inu atsogoleri a matimu athu, chifukwa khalidwe limene mwalizoloweralo likupha mpira wa mumzinda uno pang'onopang'ono. Msika wa osewera ukangotsegulidwa mumathamangira ku Lilongwe ndi ku Blantyre kukatola osewera amene makontirakiti awo atha, n'kubwera nawo kuno mukudzitama kuti mwawapeza mwaulere. Ulere wake uti? Wosewera wotere amafuna ndalama yosainira, nyumba ya lendi ndi malipiro oposa a anzake, ndipo ena mwa iwo amafika kuno mawondo atatha kale, zimene timu yomwe inawamasulayo inkazidziwa bwino lomwe. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti kutenga wosewera wodziwa kale ligi n'kulakwa. Timu ya anyamata okhaokha imafunika wamkulu mmodzi kapena awiri, makamaka pagolo ndi kumbuyo, oti aziwalimbitsa mtima akakumana ndi Bullets, Wanderers kapena Silver Strikers. Chimene chikundiwawa n'chakuti mumadzaza timu yonse ndi alendo, sizoni ikatha iwo n'kunyamula zikwama zawo, inu n'kutsala ndi ngongole ndi ma jezi opanda owavala.

Kodi ndi liti pamene munapitako madzulo ku Chibavi, ku Chiputula, ku Zolozolo kapena ku Masasa kukaima pambali pa bwalo la fumbi n'kuonerera ana akumenya chikulunga opanda nsapato? Luso lilipo kumpoto kuno. Boma la Rumphi lokha linatipatsa Gabadinho Mhango, amene chigoli chake cha patali pa masewero ndi Morocco ku Cameroon m'chaka cha 2022 chinaimitsa dziko lonse, komanso Tabitha ndi Temwa Chawinga, amene lero mayina awo akutchulidwa ku Ulaya ndi ku America. Ana ena onga iwowa akukulira pafupi ndi nyumba zanu, koma inu maso ali kumwera.

Pali chinanso chimene kusasamala kwanu kukutayitsa. Malamulo a FIFA amanena kuti wosewera akagulitsidwa kuchoka ku timu ya dziko lina kupita ku timu ya dziko lina, 5 peresenti ya ndalamazo igawidwe kwa matimu amene anamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 kufikira 23. Koma ndalama imeneyi imatsata kaundula, sitsata mawu apakamwa. Ngati mwana simunamulembetse ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, m'dzina la timu yanu, ngakhale mutamudyetsa nsima zaka zisanu, tsiku limene adzagulitsidwe kunja simudzaona ngakhale tambala imodzi.

Ndili ndi chilonda pa nkhaniyi. Ndinaperekezapo mwana wa mnansi wanga, wa zaka 17, kukayesedwa ku timu ina ya mumzinda muno. Anasewera bwino moti ngakhale kochi anavomera, koma akuluakulu a timuyo anati abwerenso chaka chamawa chifukwa malo ake anali atapatsa kale munthu wochokera kutali. Munthu uja anachoka sizoni ili pakati chifukwa cha kuchedwa kwa malipiro, ndipo mnyamata uja lero akupalasa kabaza ku Luwinga.

Nanunso masapota muli ndi mlandu, chifukwa mnyamata wa kwanu akalakwitsa kamodzi mumamutukwana mpaka kumuliza, pomwe mlendo mumamupirira miyezi. Choncho msika wina usanatsegulidwe, atsogoleri inu, patulani malipiro a mlendo mmodzi yekha, mulembe kochi wa ana osapitirira zaka 17, mugule mipira ndi nsapato, ndipo mwana aliyense amene mwamutenga mumulembetse tsiku lomwelo makolo ake ali pomwepo.