Mathithi a Victoria: ku Zimbabwe umangoonerera, ku Zambia umatsikira m'phompho mwenimweni

Ndatopa nako kumva kuti ukafuna kuona bwino mathithi a Victoria uwolokere mbali ya Zimbabwe. Aliyense amalankhula zomwezo, ngakhale anthu oti phazi lawo silinapondepo ku Livingstone, tauni ya mbali ya Zambia. Ine mbali zonse ziwiri ndayendako tsopano, ndipo ndikuti anzathu a ku Zambia akulakwiridwa. Mbiri imeneyi anaifalitsa ndi anthu oopa thukuta, amene kwa iwo kuyenda ulendo ndi kutsika m'galimoto, kujambula chithunzi n'kukweranso.

Mbali ya Zimbabwe mukuidziwa. Ukalipira pageti umalowa m'kanjira kowaka bwino, kopanda chitunda, kodutsa m'kankhalango kobiriwira chaka chonse chifukwa cha nthunzi ya mathithiwo. Umayambira pa chiboliboli cha David Livingstone, yemwe anafika pamalowa mu 1855, kenako zigawo za mathithiwo, Devil's Cataract, Main Falls, Horseshoe Falls, Rainbow Falls mpaka kukathera pamalo oonerera otchedwa Danger Point. Uima apa, ujambula, usuntha pang'ono, ujambulanso. Munthu atha kuyenda njira yonseyo atavala suti ndi nsapato zakutchalitchi, bola lenikoti. Madzi ali tsidya ilo, iwe tsidya lino, phompho pakati. Kukongola n'kokongoladi, koma zili ngati kuonera phwando la ukwati uli kuseri kwa mpanda.

Tsono bwerani mbali ya Zambia, m'paki ya Mosi-oa-Tunya, mufunse njira ya ku Boiling Pot, dziwe la pansi pa phompho. Imeneyo ndiyo inandisokoneza mutu. Njira yake sipita m'mbali, imalowa pansi. Poyamba pali masitepe, ndipo umatsika ukuseka n'kumati zophweka izi. Ukamapitirira mitengo imayamba kuthithikana, akanjedza ndi ziyangoyango, dzuwa osalionanso bwino, mpweya n'kukhala wachinyontho. Masitepe akatha umayamba kuponda miyala yakuda yoterera, pena kugwira ndi manja, pena kulumpha kamtsinje. Mkokomo umene unali kumtunda kuja umasintha, umayamba kuumvera m'chifuwa.

Anyani nawo ndi eni njira. Sathawa munthu. Ine ndinakumana ndi chimkhwere chitakhala pakati penipeni pa sitepe, chikudzikanda pamimba, maso ali pa jumbo ya mayi wina amene anali patsogolo panga. Mayiyo anayesa kuchikalipira, icho changoyasamula kuonetsa mano, tonse tinaima ngati asilikali mpaka chinachoka pa nthawi yake. Chakudya cha m'manja musatsike nacho kumeneko, ndakuuzani.

Ukafika pansi umaima pamiyala m'mphepete mwa Zambezi weniweni. Madzi onse amene agwa pa mathithi otambalala mamita oposa 1,700 amapanikizana kudutsa pa kampata kamodzi kopapatiza, n'kukamenya khoma la thanthwe n'kuyamba kuzungulira, akuwinduka, akumeza zitsa ndi kuzilavula. Ukakweza maso makoma a phompho ali njo mbali zonse, ndipo kumwamba uko kuli mlatho wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe, umene unamalizidwa mu 1905, utapachikika mamita pafupifupi 128 pamwamba pa madzi. Malole amene amaoneka akuluakulu pa boda paja amachepa ukamawaonera pansipo. Nthawi zina umangomva mfuu, munthu wadziponya pamlatho atamangidwa chingwe m'miyendo, akulendewera mutu uli pansi. Ndalama zake walipira yekha, palibe wamukakamiza. M'miyezi imene madzi achepa, pomwepa ndi pamene a mabwato a mphira amayambira ulendo wolowera ku Batoka Gorge, chigwa chakuya cha kumunsi kwa mathithi.

Ndiye pali kubwerera. Apa ndi pamene umadziwa zaka zako zenizeni. Chitunda chimene unatsika ukuimba uja umachikwera uli wefuwefu, malaya ali chonyowa, maondo akunjenjemera, ukunamizira kuima kuti uone mitengo. Tinadutsana ndi bambo wina wa mimba yake atakhala pamwala, akufunsa aliyense wotsika kuti, “Abale, kumtunda kukadali kutali?” Koma ukatulukira pamwamba umadziwa kuti phompholo walilowa ndi miyendo yako. Ku Zimbabwe ndinatuluka pageti ndi zithunzi zambiri m'foni, thupi lisakudziwa n'komwe kuti layenda.

Ndisaiwale Knife-Edge Bridge, kamlatho ka oyenda pansi kamene kamakufikitsa maso ndi maso ndi Eastern Cataract, chigawo cha kum'mawa cha mathithiwa. Mwezi wa Epulo, madzi atadzaza, pamenepo lenikoti wobwereka uja ndi mwambo chabe. Madzi amakumenya kuchokera kumwamba, m'mbali, ngakhale pansi, utawaleza uli m'munsi mwa mapazi ako. Ndipo mbali yomweyo ukhoza kuyenda kumtunda kwa mathithi n'kukaima m'mbali mwa mtsinje, kuuona ukuyenda phee, usanafike pogwera.

Chabwino, a ku Zimbabwe ndikupatseni zanu, musanandidye. Mbali yaikulu ya mathithiwa imaonekera kwanu, zimenezo palibe angatsutse. Ndipo m'chilimwe, makamaka Okutobala ndi Novembala, mbali ya Zambia imachititsa manyazi. Eastern Cataract imauma n'kutsala khoma lamiyala lokhalokha, timadzi tikungodontha apo ndi apo. Chifukwa chake n'chakuti mbali imeneyo thanthwe ndi lokwererapo, ndiye mtsinje ukaphwa madzi amathamangira kumadzulo, komanso ena amapatutsidwa kupita ku siteshoni yopangira magetsi imene ili mbali ya Zambia. Nthawi yomweyo Main Falls imakhala ikugwabe mwamphamvu. Munthu amene wasunga ndalama chaka chonse n'kufika mu Novembala, ndingamuuze ndekha kuti woloka m'bale wanga. Agogo, ana aang'ono ndi odwala miyendo nawonso njira yosalala ija ndi yawo. Danger Point nayonso si yamasewera, palibe mpanda ndipo miyala yake imaterera.

Koma ngakhale m'chilimwe momwemo a Zambia sagonja. Madzi akachepa ndi pamene anthu amapita ku Livingstone Island n'kukasambira mu Devil's Pool, kadziwe kamene kali pamlomo penipeni pa mathithi. Anthu oima mbali ya Zimbabwe amangowaona tsidya ilo n'kumawajambula. Mwaonatu, ngakhale apo ntchito yawo ndi kuonerera basi.

Zina ndi zing'onozing'ono. Tauni ya Victoria Falls ili pafupi, umafika pageti wapansi, pomwe ku Livingstone uyenera kukwera takisi mtunda wa makilomita pafupifupi 10. Pamenepo a Zimbabwe apambana. Koma kumeneko chilichonse chimatchulidwa m'madola a ku America, ndipo thumba la Mmalawi limayamba kulira usanagule ndi madzi omwe. Anyamata a mumsewu amakutsatira ndi ndalama zakale zija za 100 trillion, akukugulitsa ngati chikumbutso. Ku Livingstone umalipira m'makwacha a ku Zambia, ndipo ukalankhula Chichewa woyendetsa takisi amakuyankha m'Chinyanja chake cha m'tauni, mwina n'kukuseka kuti ukulankhula ngati m'busa. Mtengo mumakambirana ngati anthu apachibale.

Kwathu nako tili ndi Manchewe ku Livingstonia ndi Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje, malo oti munthu amafikako atatuluka thukuta ndithu, ndiye mwina n'chifukwa chake mathithi ongowaonera chapatali sandikhutitsa. Amene mukukonza ulendo, pitani cha mu Juni kapena Julayi, madzi akadali ambiri koma nthunzi itachepako moti n'kuona bwino. Mbali ya Zimbabwe ipatseni m'mawa umodzi, mujambule zithunzi zanu zoika pa Facebook. Tsiku la Boiling Pot valani nsapato zogwira pansi, tengani botolo la madzi, ndipo mutsike dzuwa lisanakwere, chifukwa chitunda chija masana sichimvera kuti ndinu bwana kuntchito kwanu.