Japan ndi South Korea: ndani amadziwa kubwezera pa kanema?

Maiko awiriwa analekanitsidwa ndi kachigawo ka nyanja basi, moti sitima ya pamadzi imachoka ku Busan n'kukakocheza ku Fukuoka. Koma mafilimu awo a munthu wolakwiridwa amene walumbira kuti abwezera amasiyana kwambiri, ndipo chisangalalo chimene amapereka kwa woonera si chimodzi.

Kwa Ajapani kubwezera ndi ngongole yoyenera kulipidwa. Zili ndi pochokera. Kalekale, m'nthawi yotchedwa Edo, samurai (msilikali wa malupanga) amene bambo kapena mkulu wake waphedwa ankatha kutenga chilolezo kwa akuluakulu kuti akasake wakuphayo, mpaka boma la Meiji linaletsa zimenezi mu 1873. Nkhani imene Ajapani satopa nayo ndi ya ankhondo 47 a ku Ako. Mbuye wawo Asano anavulaza nduna ina dzina lake Kira ndi lupanga m'nyumba ya shogun, mkulu wa asilikali amene ankalamulira dzikolo, mu 1701, nalamulidwa kudzipha tsiku lomwelo. Anyamata ake anadikira pafupifupi zaka ziwiri asanakadule mutu wa Kira, kenaka nawonso anaweruzidwa kuti adziphe. Manda awo alipobe pa kachisi wa Sengakuji ku Tokyo. Nkhaniyi yajambulidwa kambirimbiri, aliyense amadziwa mathero ake, koma anthu amaonerabe. Chokoma chake ndi kudikirako, kenaka lupanga limodzi lodula mwaukhondo.

Ukhondo umenewu umaonekanso mu Lady Snowblood ya 1973. Sitalingi wake, Meiko Kaji, wavala chovala cha Chijapani cha kimono choyera, akuyenda pang'onopang'ono m'chipale chofewa, lupanga walibisa m'chogwirira cha ambulera. Akasolola, magazi amathovoka ngati paipi yaphulika, iye nkhope ili phee. Zokongola zedi, ndipo Quentin Tarantino anatapako zambiri popanga Kill Bill. Koma mtima wanga sugunda. Ndimadziwa kuti mayiyu afika kwa aliyense amene ali pa mndandanda wake.

Ku Korea nkhani ndi ina. Chodabwitsa n'chakuti Oldboy ya Park Chan-wook, ya 2003, inachokera m'mabuku a zithunzi a ku Japan komweko, koma itaoloka nyanja inada bii. Munthu watsekeredwa m'kachipinda zaka 15 osauzidwa chifukwa. Atatuluka, akukumana ndi gulu la zigandanga m'kakhonde kopanikiza, m'manja ali ndi hamala yokha. Kamera siidula kwa mphindi pafupifupi zitatu. Choi Min-sik, amene akusewera ngati munthuyo, akumenya, akugwa, akupondedwa, wina wamubaya mpeni kumsana, iye akudzuka nawo uli chizikire. Pena onse amaima kaye, wefuwefu, manja pamaondo, ngati anthu amene angotsitsa katundu wolemera. Apa mwambi woti sitalingi safa umayamba kukayikitsa. Filimuyi inapata mphoto ya Grand Prix pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 2004.

Mfuti ndi zosowa m'manja mwa anthu wamba m'maiko onse awiri chifukwa malamulo ndi okhwima, choncho ndewu zake zimakhala za pafupi. Mjapani amabwerera ku lupanga, chida cholemekezeka chimene chili ndi malamulo ake. Mkoreya amatola chilichonse: mpeni, nkhwangwa, chitsulo. Ndewu yotere ilibe ulemu, ndipo n'chifukwa chake imakugwira pakhosi.

Pamene Akoreya amandisowetsa mtendere ndi pa mathero. Ambirife timaonera filimu yobwezera kuti tione woipa akulandira zake, tiwombe m'manja, tikagone. Akoreya amatimana zimenezo mwadala. Mu I Saw the Devil ya Kim Jee-woon, ya 2010, kazitape wa boma wagwira chigawenga chimene chinapha chibwenzi chake. M'malo momaliza, amachimenya n'kuchimasula kuti adzachigwirenso, ndipo pakati pa masewerawo anthu osalakwa akuvulazidwa, ena akufa. Ukafika kumapeto sudziwa kuti ukondwere ndi chiyani. Ena amati uku n'kuzama. Pena n'kuzamadi, pena n'kuzunza woonera chabe.

Komabe mutandiikira awiriwa patsogolo usiku umodzi, nditenga ya ku Korea. Ya ku Japan ndimaisirira ndili chikhalire, miyendo ili pa mpando. Ya ku Korea imandidzutsa, chifukwa munthu wa hamala uja akhoza kugonja nthawi iliyonse, ndipo kakhonde kaja kakadali ndi anthu ena kutsogolo.