Chenjezo kwa inu opita ku fainolo ya chikho: lekani kukankhana pachipata

Ana anga okonda mpira, ndi inu makolo anzanga amene mwayamba kale kuchapa majezi pokonzekera fainolo ya chikho, khalani pansi kaye mundimve. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndinayamba kuwonera mpira ambiri a inu musanabadwe, ndipo mpaka lero mtima umandigunda timu yanga ikamatuluka m'chipinda chovalira kulowa m'bwalo. Chisangalalo chanu sindidana nacho. Chimene chandikwiyitsa ndi khalidwe limene mumaonetsa pachipata pa tsiku la fainolo, khalidwe lotha kupha munthu amene sanakulakwireni kalikonse.

Mu ligi, timu ikagonja lero imadikira sabata yamawa. Chikho n'china: wagonja watuluka, ndipo matimu awiri otsalawo amakumana tsiku limodzi, pabwalo limodzi, kawirikawiri la eni ake ena. Masapota a mbali zonse ziwiri amachokera kutali. Ngakhale anthu amene chaka chonse sapondako kubwalo, tsikulo amabwera. Ofuna kulowa amachuluka kuposa malo, pomwe zipata n'zomwe zija, sizinakule usiku. Izi mumazidziwa bwino, koma mumachita ngati simukuzidziwa.

Chaka china ndinapita ku fainolo ndi mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi zinayi. Tinachedwa kunyamuka, ndipo kulakwa kumeneko kunali kwanga. Pofika tinapeza mzere utatha kale, pachipata pali chikhamu. Kenaka m'kati munamveka mkokomo, matimu akulowa. Gulu la anyamata amene anakhalira kumwa mpaka mphindi yomaliza linatulukira kumbuyo kwathu likuimba, n'kuyamba kukankha. Iwo ankaseka. Kwa iwo anali masewera. Kutsogolo kunali mtsikana wina atapanikizidwa pachitsulo cha chipata, tsaya lili pa waya, pakamwa pali yasa koma mawu osatuluka. Ine ndinanyamula mwana uja n'kumukweza paphewa, ndipo mpaka lero ndimakumbukira zala zake zitandigwira m'khosi zikunjenjemera. Mapazi anga anasiya kuponda pansi. Ndinkayenda osayenda, gulu ndilo linkanditenga. Mwamwayi mlonda wina anakwera pampanda n'kukuwira akumbuyo kuti abwerere, ndipo ena anamumvera. Chipata chitatsegulidwa bwino tinalowa, koma nditacheuka ndinaona pansi pali nsapato zosiyanasiyana, imodziimodzi, zina za ana. Mtsikana uja anamunyamula anthu anayi. Zigoli za tsikulo ndinaziiwala kalekale, koma nsapato zija zikadali m'maso mwanga.

Mvetsani mmene mpanipani umaphera, chifukwa ambiri mumaganiza kuti amafa ndi amene wagwa n'kupondedwa basi. Ayi. Ambiri amafa ali chiimire. Munthu akatulutsa mpweya chifuwa chimaphwa, ndiye gulu likamufinya nthawi yomweyo chifuwacho sichithanso kufufuma kuti akoke mpweya wina. Pakangopita mphindi zochepa amakomoka, ndipo sagwa n'komwe chifukwa palibe malo ogwera. Iwe uli kumbuyo suona chilichonse. Ukuona misana ya anzako, ukumva nyimbo, ukukankha pang'ono poganiza kuti mphamvu yako ndi yochepa. Koma mphamvu yakoyo ikuphatikizana ndi ya anthu mazana, yonse ikukathera pachifuwa cha mwana wa munthu amene ali pachitsulo. Ukapita kwanu ukagona tulo tabwino, osadziwa kuti manja ako anali nawo.

Pa 15 April 1989, pabwalo la Hillsborough mumzinda wa Sheffield ku England, Liverpool inkasewera ndi Nottingham Forest mu semifainolo ya chikho cha dzikolo chotchedwa FA Cup. Kunja kwa zipata kutadzaza, mkulu wa apolisi analamula kuti atsegule chipata chachikulu chotulukira. Anthu anakhamukira m'kanjira kolowera kumalo amene anali atadzaza kale, kutsogolo kuli mpanda wachitsulo. Masewero anaimitsidwa patangotha mphindi zochepa. Anthu 97 anataya miyoyo chifukwa cha ngoziyo, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 10. Pano ndinene chilungamo: kwa zaka zambiri mlandu unkakankhidwira kwa masapota, koma m'chaka cha 2016 bwalo lofufuza za imfazo linapeza kuti masapotawo sanalakwe, olephera anali oyang'anira. Ndiye inu akuluakulu okonza fainolo, musabisale kumbuyo kwa chenjezo langa ngati kuti likupita kwa ana okha. Mukagulitsa matikiti oposa malo, mukatsegula zipata ziwiri pomwe zilipo khumi, mukachedwa kutsegula kufikira dzuwa litapsereza anthu pamzere, mukakhoma zipata zotulukira ndi maloko masewero ali m'kati, mwatchera msampha ndinu. Ndipo mukaona kunja kwadzaza, kuchedwetsa masewero ndi theka la ola sikunaphepo munthu.

Koma ndibwerere kwa inu anyamata, chifukwa kulakwa kwa akuluakulu sikukuyeretsani. Amene mumanyamuka kunyumba opanda tikiti, n'kumati "tikaonera konko," mumapita kukatani? Ndikuuzani chimene mumapitira: kukaima pachipata kudikira kuti chisokonezo chiyambe kuti mulowerepo. Ena mumachita kuchiyambitsa dala. Ena mumagula matikiti achinyengo kwa anyamata a m'mbali mwa msewu mukudziwa, kenaka mumatsekereza chipata mukukangana ndi mlonda, anthu akuunjikana kumbuyo kwanu. Matendawa ndi akale. M'chaka cha 1923, pa fainolo yoyamba ya FA Cup pabwalo la Wembley ku London, Bolton Wanderers ikukumana ndi West Ham United, anthu anakwera mipanda mpaka anadzaza ndi pabwalo posewerera pomwe. Chiwerengero cholembedwa chinali 126,047, koma amene analowa anali ochuluka kuposa pamenepo kutalitali. Apolisi okwera pa akavalo ndiwo anabweza anthu pang'onopang'ono, masewero n'kuyamba mochedwa ndi mphindi pafupifupi 45. Kuyambira pamenepo fainolo imeneyo salowa munthu wopanda tikiti yogulira tsiku lisanafike. Anzathu anaphunzira zaka zoposa 100 zapitazo. Inu mukufuna muphunzire ndi maliro a ndani? Ngati tikiti mulibe, khalani kunyumba, tsegulani wailesi kapena wailesi yakanema. Chigoli chake n'chomwecho.

Mukalowanso m'kati simumva. Wolengeza akapempha kuti mutsike pampanda, mumamuwooza. Mumakwera padenga, pamitengo ya magetsi, pazikwangwani zamalonda, zinthu zimene sanazimange kuti zinyamule munthu. Pa 5 May 1992, ku Furiani pachilumba cha Corsica, Bastia inkayembekezera kusewera ndi Marseille mu semifainolo ya chikho cha dziko la France. Pofuna kulowetsa anthu ambiri, eni bwalo anamanga mwachangu malo okhalapo azitsulo, ongoyembekezera. Anthu ankaponda mwamphamvu ndi mapazi posangalala, wolengeza n'kumawapempha kuti aleke. Masewero asanayambe n'komwe, mbali ya malowo inagwa. Anafa anthu osachepera 18, ovulala anaposa 2,000. Umbombo wa omanga ndiwo unapha anthuwo, ndipo sindikuwachotsera mlandu. Koma taonani mapeto ake: chaka chimenecho fainolo sinaseweredwe, chikho sanachinyamule aliyense. Chinthu chimene onse ankachilimbirana chinangokhala m'kabati.

Tsono za miyala ndi mabotolo. Apa ndiye ndikalipe ndithu, chifukwa ndi uchitsiru wopanda dzina lina. Woyimbira akapereka penate imene simukugwirizana nayo, dzanja lanu limathamangira botolo. Kodi munaonapo woyimbira atasintha chiganizo chifukwa botolo lamugwera pamsana? Chimene chimatsatira mumachidziwa: timu yanu yomweyo imalipitsidwa chindapusa, bwalo limatsekedwa, nthawi zina chipambano amapatsa anzanu patebulo. Ku Scotland m'chaka cha 1909, Celtic ndi Rangers zinalepherana kawiri mu fainolo pabwalo la Hampden Park. Masapota ankayembekezera nthawi yowonjezera, ndipo ataona kuti kulibe analowa m'bwalo, kuzula magolo, kutentha tinyumba togulitsiramo matikiti. Akuluakulu a mpira anangochibweza chikhocho, osapatsa timu iliyonse.

Kumeneko chinatayika ndi chikho chokha. Ku Accra, m'dziko la Ghana, pa 9 May 2001, zinatayika ndi miyoyo. Hearts of Oak itagoletsa zigoli ziwiri chakumapeto n'kutsogola 2-1, masapota ena a Asante Kotoko anayamba kuponya mabotolo ndi mipando. Apolisi anathira utsi wokhetsa misozi m'malo a owonerera, anthu anathamangira kuzipata n'kupeza njira yotsekeka. Anafa anthu 126. Ku Indonesia, pabwalo la Kanjuruhan pa 1 October 2022, zinayenda chimodzimodzi: anthu kulowa m'bwalo timu yawo itagonja, utsi wokhetsa misozi, chipwirikiti pazipata, ndipo anafa 135, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata. Apolisi othira utsi m'malo otsekeka ali ndi mlandu waukulu, ndipo ndikuwadzudzula popanda kuwaopa. Koma iwe woponya botolo loyamba, amene amafa si iwe. Iwe ndiwe wamphamvu, umalumpha mpanda n'kuthawa. Amatsala pamasitepe ndi mayi wa mwana kumbuyo, mkulu ngati ine amene mawondo anatha, kamnyamata kamene kanabwera koyamba kudzaona osewera amene kamangowamva pawailesi.

Makolo anzanga, inunso ndikuuzeniko, poti ine ndinalakwapo ndipo ndinaona. Mwana si chikwama chongokolekera pamkono. Ngati mwaganiza zopita naye ku fainolo, fikani zipata zikangotsegulidwa, dzuwa likadali m'mwamba, mulowe anthu asanachuluke. Mukafika n'kupeza pachipata pali chikhamu chosayenda, bwererani. Tikiti itayike, mwana atsale. Mulembereni nambala yanu ya foni pakapepala muike m'thumba mwake, kapena pamkono penipeni, ndipo mumusonyeze malo amodzi oti akakudikireni mukasiyana. Ndaonapo abambo akumwa uku mwana akulira payekha pafupi ndi masitepe, ndipo ndaonaponso ana osapitirira zaka khumi atatumizidwa okha kubwalo ngati apita kukasewera kwa anansi. Zimenezo lekani.

Zikakupezani muli m'kati mwa mpanipani, musalimbane ndi gulu, mungotha mphamvu. Kwezani manja muwaike patsogolo pa chifuwa ngati wankhonya, kuti nthiti zikhale ndi malo opumira. Foni ikagwa, nsapato ikavuka, zisiyeni, musawerame. Yendani motsatira gulu uku mukupendekera cham'mbali pang'onopang'ono, kutali ndi khoma, mpanda ndi zitsulo. Wina akagwa pafupi nanu, mudzutseni msanga ndipo kuwani kuti akumbuyo amve kuti pagwa munthu. Ndipo inu akumbuyo, mukamva mawu akuti "bwererani," bwererani. Musafunse chifukwa, musaseke, musatulutse foni kuti mujambule. Kujambula munthu akukomoka m'malo momupatsa mpata wopuma ndi khalidwe limene sindinalione pa unyamata wanga, ndipo limandiwawa mumtima.

Masewero akatha, ngozi siinathe. Opambana amafuna kuthamangira m'bwalo kukagwira chikho, ogonja amafuna kutuluka onse nthawi imodzi, masitepe ndi omwe aja opapatiza. Khalani pamalo anu mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Kunjako musalendewere pazitseko za galimoto, musakwere padenga la basi, ndipo woyendetsa amene wakhala akumwa kuyambira m'mawa musamulole kugwira chiwongolero ngakhale atavala jezi ya timu yanu. Mukakumana ndi mnyamata wovala jezi ya timu inayo, musiyeni adutse. Nayenso kwawo akumudikira.

Mdzukulu wanga uja tsopano ndi mnyamata wamtali kundiposa, ndipo wandipempha kuti chaka chino tipitenso limodzi. Ndamuuza kuti matikiti tigula masiku akadalipo, tinyamuka m'mamawa, tikakhala pafupi ndi potulukira, ndipo tikapeza pachipata pali anthu akukankhana, tibwerera kunyumba kukamvera pawailesi. Wavomera.